Nambala 14 ndi Mkazi

Ana anga a kuntchito sadziwa Sabata, sadziwa maliro, sadziwa holide. Pakangodutsa masiku awiri amafuna kudya, ndipo wowadyetsa ndine ndekha. Ndimawatchula ana chifukwa chotopa nawo, koma si ana ayi. Ndi maselo a khungu la munthu, tinthu tamoyo tosaoneka ndi maso, timene timaweta m'timbale tapulasitiki mu labotale ya kuseri kwa chipatala. Timakhala m'kabati yofunda ngati m'khwapa. Ine ndimatsegula kabatiyo, kutulutsa timbale, kuyamwa madzi akale ndi kapaipi, kuthiramo atsopano ofiirira, kubwezera. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuchita zomwezi m'chipinda chopanda windo. Pa maliro a malume anga ndinachoka bokosi lisanatsike m'manda, ndipo azakhali mpaka lero sandipatsa moni.

Ntchito yathu ndi ya zipsera. Sindikunena zipsera wamba zija zimene aliyense ali nazo pabondo. Pali anthu ena amene bala lawo likapola, thupi silimva kuti lapola. Limangomangabe, kumangabe, mpaka pamene panali kachithupsa pamatuluka chinthu cholimba, chonyezimira, choyabwa ngati chitedze. Ukachidula chimabwera ndi abale ake. Chovuta n'chakuti matendawa ndi a anthu okha. Mbewa ungaicheke bwanji, imapola bwinobwino n'kumapitiriza kudya. Ndiye kuti tiphunzire za chipseracho timafunika kanyama ka munthu weniweni, kochokera ku fiyeta, kochitira opaleshoni kuja, ndipo munthuyo sititchula dzina lake, timangomupatsa nambala.

M'chipinda choyandikana ndi changa muli mkulu wina woweta mbewa zoyera. Timawatchula Abusa, ngakhale nkhosa zawo ndi za michira yaitali. Iwo ndi amene anandipatsa dzina loti Asisitere, chifukwa ndimamanga mabatani mpaka pakhosi ngakhale dzuwa liswe mtengo.

"Asisitere," amatero, "Mulungu anatikondera ife anthu. Nzeru anatipatsa, zipsera anatiikira basela."

Mwa manambala onse, Apulofesa, bwana wathu, amakonda Nambala 14. Ali ndi kamasewera kamene amaonetsa mlendo aliyense. Maselo akadzaza pansi pa mbale, timakanda mzere pakati pawo ndi nsonga ya kapaipi, ngati bala. Maselo a khungu labwinobwino amatseka mzerewo n'kuima. A Nambala 14 amatseka mwachangu, kenako amakwerana, kuunjikana, osadziwa kuti ntchito yatha. Alendo amasuzumira pa makina okulitsira zinthu n'kugwira pakamwa. Apulofesa amaseka n'kunena kuti, "Dalaivala wathu ameneyo, alibe mabuleki."

Ine sindiseka nawo, chifukwa dalaivala mulibemo m'mbalemo.

Nambala 14 weniweni analidi bambo woyendetsa malole, wazaka makumi anayi. Anamudula chipsera cha pachifuwa Lachisanu lina, ine ndili ndi miyezi itatu yokha pantchito, akundiyesabe. Apulofesa anali atadikira miyezi isanu kuti apeze kanyama koteroko, ndipo anakandipatsira ngati dzira. Ndili mkati mokaduladula, foni inalira. Anali aphunzitsi a kusukulu ya mkaka, akuti mwana wanu watentha thupi. Ndinayankha foniyo ndi magolovesi, kenako n'kubwerera ku mbale osasintha magolovesiwo. Basi, tchimo langa lonse ndi lomwelo. Lolemba ndinapeza madzi achita mbuu, pamwamba pali chuku ngati pa buledi wa sabata yatha.

Mantha ndi chinthu chopusa, abale inu. M'dilowa munali timipeni tozungulira totengera khungu, kukula kwake ngati kamwa la chivindikiro cha bolopeni, ndi mankhwala ochititsa dzanzi. Ndipo pachifuwa panga, pansi pa bulauzi, panali kachipsera kanga kanga, kofanana ndi nyemba, kamene kanatsala chithupsa chitapola ndili mtsikana. Ndinalowa m'bafa ya akazi, ndinakhoma chitseko, ndinayang'ana pagalasi. Kanyama kanatuluka ngati mutu wa machesi. Pa mbale yatsopano ndinalemba 14.

Ndinkati ndi kamodzi kokha. Koma maselo amakalamba. Ukawagawa m'timbale kasanu ndi kanayi amayamba ulesi n'kuiwala khalidwe lawo. Otsala timawaumitsa ndi chisanu m'thanki, koma chaka chachiwiri thankiyo inauma galimoto yobweretsa mpweya wozizira itachedwa, ndipo zonse zinafa. Ndinaona Apulofesa atakhala pampando atagwira mutu, ndiye pakamwa panga panatuluka mawu ndisanawatume: "Nambala 14 wapulumuka, bwana." Tsiku lomwelo ndinalowanso m'bafa muja. Pamodzi ndadzicheka kanayi. Nyemba ija tsopano ndi chikhatho chonse, yatambasula miyendo kumapewa, ndipo yagwira njira ya kukhosi.

Amene amadziwa ndi mwamuna wanga yekha. Ndi telala, makina ake ali pakhonde la nyumba yathu, ndipo mabulauzi anga onse amasoka ndi iye. Madokotala ali ndi marula awo, koma palibe amene wayeza chipserachi mokhulupirika ngati tepi yake. Chaka choyamba kolala inali zala ziwiri. Chaka chatha inafika zala zinayi, yolimbitsa ndi kansalu mkati kuti isagwe. Atamaliza kundiyeza ulendo umenewo anakoleka tepi m'khosi mwake n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Amake mwana, pamwamba pa kolala iyi pali chibwano. Ine ndine telala, nkhope sindisokera chovala. Lumbira kuti sudzadzichekanso."

Ndinalumbira, pali Mulungu, ndipo ndinalumbira ndi mtima wonse. Ndinali nditatopa ndi kugona chagada ngati mtembo, kutopa ndi kuyabwa kumene kumandigwira m'basi anthu ali thithithi, osatha kukanda. Kumwa madzi ndinali nditayamba kumwa chowerama, chifukwa ndikakweza mutu khungu limakoka.

Lachiwiri lina m'mawa Apulofesa anandiitana ku ofesi yawo. Ndi munthu waulemu, wa imvi za m'mbali, amene sanandikalipirepo. Patebulo panali kalata.

"Mayi, khalani pansi. Nambala 14 ndi mkazi."

Ndinakhala pampando. Anafotokoza kuti zimene tapeza zaka zonsezi anazitumiza ku magazini ya madokotala kunja, ndipo akumeneko asanasindikize anafuna labotale ina itsimikize kuti maselowo ndi a munthu amene talemba. Fayilo ikuti mwamuna. Maselo akuti mkazi.

"Anthu a ku fiyeta aja!" anatero akugogoda tebulo. "Anasokoneza mabotolo, palibenso china. Pitani kosungira mabuku, muone akazi amene anadulidwa zipsera sabata imeneyo. Mayi ameneyu timupeze. Popanda fomu yosainidwa ndi iye, zaka zisanu ndi chimodzi tangotaya m'madzi. Komanso ndikufuna kanyama katsopano. Mbewa zija zafika."

Mbewazo ndinali nditaziona kale kwa Abusa: zopanda ubweya, zamakwinya, zimene thupi lawo silikana mnofu wachilendo. Ukasokerera kachidutswa ka chipsera cha munthu pansi pa khungu lawo kamakhala ndi moyo miyezi ingapo, ndipo ungayeserepo mankhwala. Koma zimafuna kanyama kaphumphu, kongodulidwa kumene, osati maselo a m'mbale, ndipo pakatha masabata atatu zimakhala zakula mopitirira.

Taonani tsono uchitsiru wanga. Ndinapitadi kosungira mabuku. Ndinakhala masiku awiri m'fumbi, ndikuyetsemula, kufunafuna munthu amene ndinali nditamubweretsa ndekha m'bulauzi. Akazi anali atatu. Woyamba anamwalira. Wachiwiri nambala yake ya foni sinkagwira. Wachitatu anayankha, ndipo nditangotchula chipatala anandidula mawu.

"Mukufuna mudzandidulenso? Inu! Munati chichoka, chinabwera kuwirikiza kawiri. Pano ndolo ndi iyo, chinthu chikulendewera kukhutu ngati mbatata. Mukandiimbiranso ndikutukwanani, mwamva?"

Ndinati pepani mayi. Mumtima ndinati tukwanani ndithu, ndikuthandizani.

Kunyumba nakonso moto. Mwana wathu, yemwe uja anatentha thupi tsiku la magolovesi, tsopano ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo timamutchula Tsabola chifukwa cha pakamwa pake. Anandichingamira pakhomo ndisanavule nsapato.

"Amayi, m'kalasi mwathu ndatsala ndekha wosaboola makutu. Akunditchula mnyamata."

"Akutchule mbuzi, makutuwo suboola."

"Chifukwa chiyani? Chilichonse ayi! Njinga ayi, mpira ayi, kusenda mbatata ndi mpeni ayi. Mukufuna mundiike m'kabati ngati ana anu a kuntchito?"

Ndinakweza dzanja, kenako ndinalibweza, chifukwa ngakhale kumumenya ndimaopa chikhadabo changa. Zipserazi zimayenda m'magazi. Mayi anga anali nacho paphewa. Mwanayu khungu lake n'losalala, lopanda ngakhale kadontho, ndipo sindidziwa ngati anatengera ine kapena bambo ake. Njira yodziwira ndi imodzi yokha, ndiyo kumulasa n'kudikira. Bambo ake anangopondaponda makina osatukula mutu. Tsabola atalowa m'nyumba akumenyetsa chitseko, iwo anati chapansipansi, "Nkhope yakoyo ikundiuza kuti kuntchito kwavuta. Kumbukira zimene unalumbira."

M'mawa mwake pa nthawi ya tiyi Abusa anakhala moyang'anizana nane, akuviika buledi m'kapu.

"Asisitere, tiyi mumamwa ngati nkhuku yodwala. Simukweza mutu."

"Ndi ulemu, Abusa."

"Ulemu wake uti? Ine ndaweta nyama zaka makumi atatu. Nyama ikabisa bala ndimaiona pa kayendedwe." Anatafuna pang'onopang'ono. "Mkazi mukumufuna m'mabukuyo mumakwera naye basi m'mawa uliwonse. Ndinazindikira kalekale, koma za eni sindilowerera."

Ndinaika kapu pansi. Misozi inabwera yokha, ya mkwiyo, chifukwa zaka zonsezi ndimadziyesa wochenjera.

"Kauzeni," anatero. "Akuchotsani ntchito, inde. Koma mudzagona tulo, ndipo mpeni sudzakukhudzaninso."

Kunena zoona, mawu amenewo anandikomera. Kuchotsedwa ntchito! Ndinadziona Loweruka m'mawa ndili pakhonde ndikusomeka mabatani pambali pa mwamuna wanga, timbale tija tikulira njala ine osatimva. Ndinadziona ndikupita ku maliro n'kukhala mpaka kumapeto. Ndinadyetsa ana anga komaliza, ndinapukuta tebulo ndi sipiriti, ndinavula magolovesi, n'kukagogoda pa ofesi.

"Mwamupeza?" anafunsa Apulofesa.

"Ndamupeza, bwana."

Ndinatseka chitseko. Ndinamasula batani la pakhosi, lachiwiri, lachitatu. Kenako ndinanena zonse: foni, magolovesi, chuku, bafa, thanki. Ndinanena mosapsatira, ndipo ndinamaliza ndi kuti makiyi a labotale ndi awa.

Makiyiwo sanawayang'ane. Anavala magalasi, anatenga magolovesi m'bokosi, anazungulira tebulo.

"Ndingagwire?"

Anadina m'mphepete ndi chala, pang'onopang'ono, anatulutsa karula m'thumba. Ndinamva mpweya wawo pakhosi panga. Ine ndikudikira kutukwanidwa, iwo akung'ung'udza manambala.

"Kanayi, mwati? Masiku ake munalemba?"

"Ali m'buku la labotale. Pamene ndinalemba kuti ndasungunula maselo a m'thanki, ndi pamene ndinadzicheka."

Anabwerera pampando wawo, ndipo ndinaona chinthu chimene chinandiopsa. Maso awo ankawala.

"Mayi, mwalakwa kwambiri. Izi zikapita ku komiti yoyang'anira kafukufuku mmene zilili, labotale itsekedwa. Abusa apita kwawo, mbewa tizipha, zimene tapeza zonse zikhala zinyalala, ndipo inu chiphaso chanu cha ntchito alanda. Koma tamverani. Munthu mmodzi, chipsera chimodzi, chotengedwa kanayi pa zaka zisanu ndi chimodzi, masiku ake olembedwa! Sindikudziwa labotale ina imene ili ndi zoterezi. Mukasaina, ndikauza komiti kuti tinalakwitsa polemba, wodwala wapezeka, wavomera yekha, ndipo akupitiriza nafe. Adzandikalipira, koma zidzatha."

Anatsegula dilowa n'kutulutsa fomu ija ndimaidziwa pamtima, imene ndawerengera anthu ambirimbiri pakhonde la fiyeta. Anaiika patsogolo panga pamodzi ndi bolopeni.

"Simukukakamizidwa," anatero, monga mmene fomuyo imanenera pamzere woyamba.

"Kupitiriza nanu ndiye kuti chiyani, bwana?"

"Mbewa zikudikira. Koma ulendo uno osati m'bafa ayi. Ku fiyeta, mwaukhondo, dokotala weniweni. Tidzakubayani majakisoni pambuyo pake kuti chisakule kwambiri."

Kwambiri! Ngati kuti sindinaonepo chimene Nambala 14 amachita ukamukanda mzere. Ndinakankhira fomuyo kwa iwo. "Ndinalumbira kwa amuna anga. Sindidulidwanso."

Sanakwiye. Anagwedeza mutu ngati munthu womvetsa, anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi.

"Chabwino, ndi thupi lanu. Mwina pali njira ina. Komiti ingatikhululukire ikaona kuti pali chinthu chachikulu chimene tingataye. Funso limene aliyense akufuna kuyankha n'lakuti kodi khungu la munthu wa m'banja lotere limasiyana kale ndi la ena chipsera chisanayambe. Pamafunika kanyama kakang'ono kwambiri, kuseri kwa mkono, kwa wachibale amene alibe chipsera." Anavalanso magalasi. "Paja mwati tsiku lija anadwala ndi mwana wanu. Ndi wamkazi? Ali ndi zaka zingati?"

Ha! Munthuyu sankandiopseza ayi, ndipo n'chimene chinandipweteka koposa. Ankafunsa ndi mtima woyera, mmene amafunsira ngati madzi a maselo afika. Ndinaganiza zowagenda ndi makiyi aja, kutuluka, kusiya zonse zigwe. Koma ndinadziwa kuti akapita ku komiti ndi dzina langa, funso lomwelo lidzafunsidwa ndi anthu khumi, ena adzafika mpaka pakhonde pathu ndi mawu okoma, ndipo Tsabola, mmene alili, adzatambasula mkono yekha kuti andionetse kuti saopa.

"Mwana wanga mumusiye," ndinatero. "Musadzamutchulenso, ngakhale kwa komiti. Mulembe kuti Nambala 14 alibe mwana."

"Mayi..."

"Mulembe!"

Anavomera ndi mutu. Ndinakoka fomu ija n'kusaina.

Anaiwerenga, anaiika m'fayilo, kenako anatenganso karula kawo. "Tidule pati? Pakati apa, kuti pasaoneke?"

Pamenepo ndi pamene ndinadzida. Ndikanangoti inde. Koma ndagwira ntchitoyi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndikudziwa kuti pakati pa chipsera maselo ndi okalamba, ogona. M'mbewa angafe, masabata atatu angathe, ndipo tingabwererenso pa funso lomwe lija. Amoyo ali m'mphepete, kumene kukufiira, kumene kumayabwa, kumene chikulowera. Ndinagwira chala cha Apulofesa n'kuchikweza, kudutsa pamene pamathera kolala, mpaka pansi pa chibwano.

"Apa, bwana. Mukafuna zogwira, dulani apa."

Anandidula Lachisanu m'mawa. Masana ndinadyetsa timbale, chifukwa linali tsiku lake, ndipo ndinathandiza Abusa kugwira mbewa zisanu ndi imodzi pamene ankazisokerera kanyama kanga. Mkuluyo sanaseke tsiku limenelo, sanandiitanenso Asisitere. Anangoti, "Gwirani bwino mchira, mayi."

Ndinafika kunyumba dzuwa likadalipo. Mwamuna wanga anali pamakina, ndipo pa hang'ala panali bulauzi yanga yatsopano, yabuluu, kolala ya zala zinayi. Anaona bandeji yoyera ili pamwamba pa kolala ya imene ndinavala. Phazi lake linaima. Ndinayamba kufotokoza, koma anakweza dzanja. Anachotsa tepi m'khosi mwake, anaimirira, anaiika pa phewa langa monga mwa masiku onse n'kuikweza mpaka pabandeji. Anayang'ana nambala. Kenako anaikulunga tepiyo pang'onopang'ono, anaiika m'dilowa ya makina, n'kutseka.

Tsabola anatuluka m'nyumba akutafuna, anaima pakhomo.

"Amayi, pakhosipo mwatani?"

"Bwera kuno," ndinatero.

Ndinamugwira makutu onse awiri, ndinawatembenuza, ndinayang'ana kutsogolo ndi kuseri. Anali osalala, opanda bowo. Anayesa kudzimasula akudandaula kuti ndikumupweteka, koma sindinamusiye.